Kodi Mwanayo Adzayenda?

6 Malichi

Mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumgodi uko. Kuno tilipo, ngakhale msana wanga watengera maonekedwe a benchi ya chipatala. Kalatayi ndapatsira adalaivala a lole aja mumawatcha a Mawamawa, choncho ikakupeza mwana atamera mano usaloze chala ine.

Pa foni umangokuwa kuti "ndiuzeni zoona," ndikati nditsegule pakamwa foni yaduka. Zoona zake ndi izi. Mkazi wako anavutika nthawi yaitali. Mwana anatuluka wolobodoka, osalira. Anamwino anathamanga naye, ife n'kutsala tikuyang'ana chitseko. Adokotala akuti pobadwapo mpweya sunafike wokwanira ku ubongo wake. M'mawa mwake kadzanja kanayamba kugwedezeka kokha. Ine ndinati mwana wayamba kusewera, iwo anati kumeneko ndi kukomoka.

Kenako anachita chinthu chimene sindinachionepo chibadwire. Mwana wodwala anamuvula n'kumugoneka pa kamatiresi kozizira, masiku angapo. Ine ndinali nditasoka bulangete ndi kachipewa. Nditati ndimufunditse, namwino wina wa magalasi anandigwira dzanja ngati wandipeza ndikuba. Akuti kuzizirako kumathandiza kuti ubongo usapitirire kuwonongeka. Ndinamvera poti chipatala ndi chawo, koma nkhope ya namwinoyo ndinaisunga.

Pano tinatuluka. Akuyamwa, mwaulesi koma akuyamwa. Ine ndikumutcha Abwana, chifukwa chibwerere sanagwirepo ntchito koma akuluakulu atatu tikumuthamangira: mayi ake, ine, ndi amayi eni nyumba, amene aiwala kuti anabwera kudzadandaula za madzi otayikira pakhonde.

Potuluka ndinafunsa adokotala a tsiku limenelo kuti mwanayu adzakhala bwanji. Anati, "Tidzaona akamakula." Iwe ukudziwa kuti ndakalambira pa makina osokera. Telala akauza munthu kuti "tidzaona mukavala," ndiye kuti nsalu anaidula molakwika. Sindikuti akubisa kanthu. Ndikungoti ndinawayang'ana m'maso, iwo n'kuyang'ana wotchi.

Utiuze za uko. Chifuwa chija chinatha? Umulemberenso mkazi wako, ngakhale mizere iwiri. Amati ali bwino, koma mbale yake imabwerera mmene yapitira.

Ndine mlongo wako.

28 Malichi

Achemwali,

Kalata yanu ndalandira, zikomo. Chifuwa chinatha. Ntchito ikuyenda, tikuwotcherera mapaipi atsopano.

Ine mtima suli m'malo. Mkazi wanga ndikamuimbira amangoti "ali bwino, akuyamwa." Mawu omwewo tsiku lililonse, ngati wina anachita kumulowezetsa. Kuno kuli mnzanga woyendetsa chimakina chokumba. Mwana wake nayenso anabadwa osalira. Pano ndi wa msinkhu wa sukulu koma amachita kumunyamula popita kuchimbudzi. Iyenso adokotala anamuuza kuti tidzaona.

Ndiye ndifunse. Tsiku limene mimba inayamba kupweteka, mkazi wanga anapita msanga kuchipatala? Inu munali pomwepo kapena mukundiuza zimene anakuuzani? Sanachedwe pofuna kumaliza kuluka tsitsi la kasitomala?

Nkhani ina ndi iyi. Kampani imapereka nyumba kwa anthu apabanja, ndipo dzina langa lafika pamwamba. Akapitawo akuti ndiwayankhe pofika kumapeto kwa Sepitembala, apo ayi nyumbayo ipita kwa wina. Ndaidikira kuyambira ndisanakwatire. Koma ndisanalembetse mkazi ndi mwana ndikufuna kudziwa chinthu chimodzi. Kodi mwanayo adzayenda?

Madokotala amadziwa, amangosankha womuuza. Inu munafika kusekondale, chilankhulo chawo cha m'mabuku mumachimva. Pitani mukawapanikize. Mukhale maso anga pakhomopo. Kalatayi musamuonetse.

Ndine mlongo wanu.

19 Epulo

Mlongo wanga,

Moni. Tonse tadzuka. Abwana akunenepa masaya okha, kwinako kukubwera pambuyo.

Ndiyambe ndi funso lako lonunkha lija. Mkazi wako sanachedwe. Anasiya mutu wa kasitomala mbali imodzi yoluka, ina ili nyankhalala, ndipo mayiyo anatiperekeza mpaka pa geti ya chipatala atadziphimba mpango. Ndinali pomwepo. Ukafuna wolakwa, kafune kwina.

Funso lako lachiwiri ndalitembenuza kunja ndi m'kati ngati malaya a pa kaunjika, sindinapeze mbali yovalika. Akapanda kuyenda, m'nyumbamo mulowa ndani? Sunalembe, ndipo ndaona kuti sunalembe.

Komabe ndinapita. Dokotala wa ana ndi mtsikana wamng'ono, woti ndingamusokere yunifolomu ya sukulu, koma saopa munthu. Anandionetsa chithunzi cha m'mutu mwa mwana. Ine ndinangoona mitambo. Iye analoza timadontho n'kunena kuti apa ndi apa panavulala. Ndinati, "Ndiye adzayenda?" Anati ana ovulala pang'ono ambiri amakula bwinobwino, ovulala kwambiri ambiri amavutika, koma Abwana ali pakati, ndipo apakatiwo ndi amene amanamiza madokotala. Ndinati, "Adokotala, ngakhale wolosera za nyengo amayerekezako." Anati, "Wolosera za nyengo akalakwitsa mumangonyowa, mayi."

Akuti pali njira ina. Mwana akapitirira miyezi itatu timujambule kanema pa foni atagona chagada, iwo akaone mmene amagwedezera thupi. Akuti zimenezo zimawauza zimene chithunzi chija sichinganene. Amayi eni nyumba akuti makanema otere amawatumiza kunja kukapemphetsa thandizo limene ife sitidzaliona. Ine sindikudziwa. Ndinafunsa dokotalayo kuti kanemayo adzamuonera ndani, anandiyankha bwino kwambiri, ndipo yankho losalala chotero ndi limene limandidetsa nkhawa.

Dziwanso kuti mkazi wako si mwana. A Mawamawa anandipatsa envulopu yako iye ataima pa mpopi. Sanafunse. Koma kuyambira tsiku limenelo ndikalowa m'chipinda mwake amandipatsa mpando ngati mlendo.

Ndine mlongo wako.

11 Juni

Mlongo wanga,

Moni. Kalata yanga ya Epulo sunayankhe. Kaya ndi iwe, kaya ndi lole.

Kanema uja tinajambula, ndipo ndikuuze ndekha usanamve kwa ena: tinamuwononga.

Tinayala nsalu yoyera pansi, Abwana tinawavula n'kutsala thewera, mayi awo anagwira foni. Abwanawo anangoti phee, maso kudenga, ngati mlonda amene wagona maso ali chitsegulire. Amayi eni nyumba anandinong'oneza kuti, "Mwana alephere mayeso ife tikuonerera?" Inenso ndinaganiza chimodzimodzi. Ndani amatumiza mwana ku mayeso osamukonzekeretsa? Iwo anatulutsa makiyi a zitseko zonse za pakhomo pano n'kumawaliza kuseri kwa foni. Ine ndinatenga tepi yoyezera n'kumawagirigisha nayo kuphazi, mochenjera kuti dzanja lisaoneke. Abwana anapalasa miyendo ngati ali pa njinga pokwera chitunda. Tinapita kuchipatala tikuyenda monyada.

Dokotala uja anaonera, anayamba kuseka, kenako anasiya. Anati, "Makiyiwa ndi a ndani?" Akuti iwo safuna kupalasa kwakukulu. Amafuna timayendedwe ting'onoting'ono ta m'khosi, m'manja ndi m'mapazi, timene mwana amachita yekha popanda womusokoneza, ngati munthu wosakhazikika pa mpando. Timeneti tikakhalapo, nthawi zambiri ndiye kuti ubongo ukuyendetsa bwino thupi. Tikasowa m'pamene amada nkhawa. Anati, "Apa mwajambula azakhali, osati mwana." Akutinso timayendedweto timaoneka kwa kanthawi chabe, mwana akamafika miyezi isanu timatha, ndiye ajambulanso okha kuchipatala konko sabata yamawa. Aloledwa kulowa ndi mayi ake okha. Ine andiuza mwaulemu kuti ndikasoke.

Manyazi ndinachita, sindikana. Koma pobwerera mu basi ndinayamba kuganiza. Tsiku limene ankafotokoza kajambulidwe ine kunalibe, kunali mkazi wako. Anamuuza zonse: osamugwira, osamuyankhula, osamuonetsa kanthu. Nanga bwanji anangoima ndi foni, ife tikuliza makiyi ngati tikuingitsa mbalame, iye osanena kanthu? Ndinamufunsa. Anati, "Ndikanakuletsani bwanji alamu, inu akuluakulu?" Yankho laulemu ndithu. Koma mtsikana yemweyu anandilandapo mchere m'manja pamaso pa alendo, akuti ndimuwonongera ndiwo.

Sindikunena kanthu. Ndikungokuuza zimene maso ako aona.

Ndine mlongo wako.

7 Julayi

Achemwali,

Makalata anu onse awiri afika pamodzi, a Mawamawa anawaiwala pansi pa mpando. Ndili bwino.

Za makiyi ndawerenga, sindinaseke. Ndinakutumani kuti mukhale maso anga, inu mwasanduka katani. Munthu wochenjera ngati inu, amene mumazindikira kasitomala wabodza asanakhale n'komwe pansi, mungalize makiyi osadziwa chimene mukuchita? Ine ndikuona kuti munapangana. Akazi atatu pakhomo limodzi, mwamuna ali kutali, kumupusitsa n'kosavuta.

Mwafunsa kuti m'nyumbamo mulowa ndani. Simunafunse kuti ine ndimagona bwanji m'chipinda chodzaza amuna ndi nsapato zawo. Musandiweruze musanandiyankhe.

Mkazi wanga ndinamuimbira kumufunsa za kanema wachiwiri. Akuti kuchipatala "sanayankhe." Masabata onsewa? Woyamba anamuonera pomwepo mpaka kumva makiyi, wachiwiriyu wavuta pati? Pali chimene akudziwa. Akapitawo andifunsanso dzulo, ndawauza kuti mwana akadali wofooka, sangapirire ulendo.

Pitani nokha kwa dokotala wanuyo, musadzere kwa mlamu wanu.

Ndine mlongo wanu.

2 Ogasiti

Mlongo wanga,

Katani wako akupereka moni.

Kwa dokotala ndinapita. Anandilandira bwino, n'kundiuza kuti chichitikire za makiyi zija, zotsatira za mwana amakambirana ndi mayi ake kapena bambo ake okha, ndipo bambo akewo ngati ali ndi mafunso khomo n'lotsegula. Ndinatuluka ngati nkhuku yovumbwa.

Za kupanganazo, ukanaona mmene tikukhalira pano ukanachita manyazi. Mkazi wako amandipatsa moni wonga umene munthu amapereka kwa wapolisi wa pamsewu.

Koma pali zimene ndaona, ndipo poti ntchito unandipatsa ndi imeneyi, ndikuuza. Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse amachoka m'mawa ndi mwana kumsana, atasamba, atavala buluku m'kati mwa nsalu. Akuti akupita kusikelo kukayezetsa mwana. Sikelo kawiri pa sabata, mwanayo ndi thumba la shuga? Makasitomala ake oluka tsitsi amadzakhala pa khonde langa, kudikira mpaka kutopa. Amabwerako masana ali thukuta lokhalokha, tsiku lina akumwetulira, tsiku lina maso atafiira. Akafika amatseka chitseko. Ndimamva akuimba nyimbo imodzimodzi, Abwana akudandaula ngati munthu amene akumukakamiza ntchito. Ndikagogoda, nyimbo imatha.

Amayi eni nyumba akuti anamva mawu a mwamuna pa foni yake, akuti "musachedwe Lachisanu, mayi." Amayi amenewa makutu awo amamva ndi zimene sizinanenedwe zomwe, ndiye usathamange nazo. Ine sindinamuonepo ndi munthu. Koma mkazi woti mwamuna wake amalembera mlongo wake, iye ayi, atapeza womuyankhula bwino ungadabwe?

Lachisanu likubwerali ndiphimba makina ndimutsatire. Si khalidwe limene mayi athu anatiphunzitsa. Wandiphunzitsa ndi iwe.

Ndine mlongo wako.

9 Ogasiti

Mlongo wanga,

Ngati kalata ya sabata yatha yakupeza, ing'ambe. Ngati zafika pamodzi, yamba ndi ino.

Ndinamutsatira. Ndinakwera basi yapambuyo nditadzikulunga mpango ngati wodwala dzino. Anatsikira pachipatala, koma kusikelo sanalowe. Anazungulira kuseri, kudutsa pochapira, mpaka ku chipinda chachitali chopanda mabedi. Pansi pali mphasa zofewa ndi mipira ikuluikulu, khoma limodzi ndi galasi lokhalokha. Amayi ambiri akhala pansi ndi ana awo, abambonso awiri. Mwamuna wa pa foni uja ndinamuona. Ndi mdala wadazi, wa mimba yake, amene amaphunzitsa makolo kuwongola ndi kulimbitsa matupi a ana. Aliyense amamuitana kuti "mayi," akasokonezeka ngakhale abambo awiri aja.

Ndinaima pa zenera. Mkazi wako anagoneka Abwana chafufumimba pa mpira, n'kumawagubuduza pang'onopang'ono akuimba nyimbo ija. Abwana anadzutsa mutu, ukugwedera ngati wobwereka, n'kuugwetsanso. Chipinda chonse chinaomba m'manja. Galasi lija ndi limene linandiulula. Anandiona, sanadzidzimuke. Anati, "Lowani alamu, mudzaonere pafupi. Pa zenera mungakalembe zolakwika."

Ndinavula nsapato n'kulowa.

Yankho dokotala anamupatsa mkazi wako tsiku lomwelo la kanema wachiwiri. Timayendedwe tija sitinaoneke mokwanira. Dokotala akuti mpata ndi waukulu woti thupi lidzakhale louma, makamaka mbali ya kumanzere, n'chifukwa chake anayambitsa masewerawa msanga, mwana akadali wofewa. Mkazi wako atavomera, tinalowa limodzi kwa dokotalayo, ndipo ndinafunsa funso lako ndi mawu ako omwe. Anati ana otere ena amayenda mochedwa, ena ndi ndodo, ena sayenda, ndipo amene angandiuze lero kuti Abwana ali gulu liti ndi wabodza. Za nzeru ndi kuyankhula akuti panopa palibe angadziwe. Ndinamuyang'ana m'maso nthawi yaitali, iyenso anandiyang'ana. Ndasaka msoko wobisika m'mawu ake, sindinaupeze.

Mu basi ndinamufunsa mlamu wanga chifukwa chimene anabisira. Anati, "Alamu, mwanayu anayamba kuseka mwezi watha. Bambo ake anafunsapo ngati amaseka? Funso lawo ndi limodzi, ndipo ine ndikudziwa chimene chili kuseri kwake."

Ndinamuuza kuti tikhoza kukunamiza. Tikulembere kuti akuti adzayenda, ulembetse nyumba, zinazo zikaoneke konko. Iye ndi amene wakana. Kalata yake, yomata payokha, ili m'envulopu momwemu. Sindinaiwerenge, ngakhale guluu wake ndi wosalimba.

Ndine mlongo wako.

9 Ogasiti

Bambo a mwana,

Ndikhulupirira muli bwino. Ife tilipo. Sindilemba kuti tili bwino, chifukwa mawu amenewo mwatopa nawo.

Alamu akuuzani zimene anaona. Ine ndiwonjezere zanga. Ndili ndi pakati munkandiuza za nyumba ya kumgodi tsiku ndi tsiku, mpaka mbali imene tidzaike bedi. Mwana atabadwa munasiya kuitchula. Munthu safunika sekondale kuti amve zimenezo.

Makiyi aja ndinawalekerera dala. Ndinkadziwa kuti kanemayo akuwonongeka. Mwanayu ndimakhala naye ine, ndipo mtima unali utandiuza kale. Ndinafuna sabata inanso imodzi ndili mkazi wanu wopanda mlandu. Kanema wachiwiri sindinamuthawe, chifukwa ameneyo anali wothandiza mwana, osati woyankha inu.

Tsopano mwadziwa zimene ndikudziwa. Kupitirira apa palibe amene akudziwa, ngakhale mutatuma alamu ndi tochi. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Sindikupemphani nyumba. Ngati kumeneko kulibe chipinda cha masewera ngati cha kuno, ine sindibwera ngakhale mutalembetsa, chifukwa dzanja lake lamanzere layamba kutambasuka ndipo sindisiyira panjira. Ngati mwaganiza zina, mundiuze ineyo, ndi pakamwa panu kapena ndi cholembera chanu. Ndinakwatiwa ndi inu, osati ndi a Mawamawa.

Amafanana nanu pachipumi. Akakwiya amakwinya chimodzimodzi.

Ndine mayi a mwana wanu.

3 Okutobala

Mlongo wanga,

Moni, ngati ukadali moyo. A Mawamawa akulumbira kuti envulopu anakupatsa m'manja mu Ogasiti momwemo, ndipo unaiika m'thumba osatsegula. Foni yako imangolira mpaka kutopa.

Sepitembala watha. Adalaivalawo, amene pakamwa pawo pamathamanga kuposa lole yawo, akuti m'nyumba muja mwalowa ena, pa chingwe payanikidwa kale zovala. Akutinso masiku ako opuma sukhala pamgodi. Umakwera basi m'mamawa utavala malaya abwino, n'kubwera madzulo. Ine ndinatsatirapo munthu wovala bwino ndipo ndinachita manyazi, choncho sindinena kanthu. Koma iwe ulibe mwana kumsana.

Zimenezi anazinenera pa khonde langa, mkazi wako akuluka munthu pafupi. Manja ake sanaime. Kasitomalayo ndi amene anakuwa kuti akumukoka kwambiri.

Abwana ayamba kutembenuka okha, mbali imodzi yokha, n'kukakamira pomwepo ngati kamba. Lachisanu ndimapita nawo ine kuti mayi awo agwireko ntchito. Mdala wadazi akuti manja anga ndi aukali, mwana si nsalu ya jinzi.

Ndinakulera ine mayi atamwalira, ndiye ndili ndi ufulu wokuuza. Ngati wasankha kuthawa, nena, tidziwe poima. Mtsikanayu sadzakufunsa, ndamuona mtima wake. Adzangosiya kuyang'ana kumsewu lole ikalira, ndipo wayamba kale.

Ndine mlongo wako.

21 Okutobala

Mayi a mwana,

Kalata ino ndi yanu. Achemwali mukhoza kuwapatsa awerenge, poti adzaipeza ndithu.

Envulopu yanu ndinayenda nayo m'thumba mpaka inayamba kung'ambika m'makona. Ndinkadziwa kuti ikanakhala nkhani yabwino achemwali akanaikuwa pa foni. Sindikunamizani kuti nditawerenga ndinaganiza zabwino zokhazokha. Mukandifunsa chimene ndikanachita mu Malichi akanandiuza kuti sadzayenda, sindingalumbire. Foni sindinkayankha chifukwa ndinalibe mawu oti ndinene.

Malaya abwino aja ndinkavalira zipatala. Cha pamgodi chimadziwa mabala a moto ndi zala zoduka basi. Cha m'tauni yapafupi chili nacho chipinda cha masewera, koma ndi cha akuluakulu othyoka misana, ana salandira. Cha ana chili kutali, ulendo wa tsiku lathunthu kupita ndi kubwera. Ndinafikako. Ndinaima pakhomo n'kuona bambo wina atagwada, wagwira mwana wake m'chiuno. Anandifunsa kuti wanga ali kuti. Ndinatembenuka n'kubwerera ku basi.

Nyumba ndinaikana ndekha, simukanatha kukhalamo. Akapitawo anandiyang'ana ngati wamisala.

Ndapempha tchuthi cha mwezi wa Novembala, andipatsa. Ndafunsanso ngati angandisamutsire ku nthambi ya kufupi ndi inu. Sanayankhe, ndipo sindilonjeza chimene sichili m'manja mwanga.

Ndili ndi funso, koma si lija. Manja anga ndi okhakhala, ali ndi zipsera za moto, ndipo anazolowera zitsulo. Mukawafunse adala adaziwo ngati manja otere amaloledwa kugwira miyendo ya mwana.

Ndine mwamuna wanu, ngati mukadandiwerengera.

4 Novembala

Bambo a mwana,

Kalata yanu yafika. Alamu aiwerenga, kenako aiyang'anitsa ku dzuwa kuti aone ngati pali mawu ofufutidwa. Akuti ndikuuzeni kuti za zipatala zitatuzo adzakufunsani mtundu wa mageti ake.

Adala aja ndawafunsa. Akuti manja okhakhala alibe vuto, bola muwenge zikhadabo ndipo musamafulumire. Akutinso abambo ambiri amabwera tsiku loyamba ndi mphamvu zawo zonse, lachiwiri saonekanso.

Timanyamuka m'mawa, Lachiwiri ndi Lachisanu. Mubwere ndi buluku lotakasuka, kumeneko timakhala pansi. Mwanayu amalira akagwidwa ndi munthu wachilendo, ndiye musadzakhumudwe.

Pa mphasa malo anu alipo. Za malo a m'chipinda muno tidzakambirana mukapitako kangapo.

Ndine mayi a mwana wanu.